Mavalavu a Apongozi Anga

Hmmmmmm. Phokoso limeneli ndimalimvabe mpaka lero, lokhala ngati la njuchi zimene wina wazitsekera m'chigubu n'kukhalira pachivindikiro. Ndi mmene ampulifaya ya a Mwale inkayambira ikamadzuka, gitala isanalankhule. Ndikangolikumbukira, chala changa chamkombaphala chimayamba kuyabwa pamene pali chipsera, ndipo mkazi wanga akandiona ndikuchikanda amangoti, "Ainjiniya, mwakumbukanso?"

Ndiyambe ndi dzina la uinjiniyali, poti ndilo linandipereka.

Ndinakulira m'manja mwa agogo anga aakazi, kumidzi ya ku Kaomba, makolo anga atatsogola ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kutseka pakamwa n'kutsegula maso. Vuto lake n'lakuti munthu ukafatsa kwambiri, anthu amayamba kukuganizira nzeru zimene ulibe. Tsiku lina wailesi ya aphunzitsi ena inasiya kulira. Ine ndinaona dzimbiri pakawaya kamene kamagunda batire, ndinapala ndi mpeni, wailesi n'kuyamba kulira. Basi, zinathera pomwepo. Koma kuyambira tsikulo mudzi wonse unkanditcha ainjiniya. (Sindinakane. Kukana kumafuna kulankhula.)

Ntchito yanga yeniyeni inali yosankha fodya pa esiteti ina. Tsamba lowala uku, lofiirira uko, lakuda kudzala. Ukaigwira ntchito imeneyi zaka zingapo, maso amayamba kuweruza okha mutu usanafunsidwe: choyera n'chabwino, chakuda n'chowonongeka. Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

A Mwale anali bambo ake a Esinati, mtsikana amene ndinkafuna kumanga naye banja. Anali mkulu wa mpingo, munthu wamtali, woyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Pa unyamata wawo ankaliza gitala m'bandi ya pa esiteti ina yaikulu cha ku Chisemphere, ndipo bandiyo itatha, mwini esitetiyo anawasiyira ampulifaya, chokuzira mawu a gitala. Chinali chibokosi chakuda, cholemera kuposa thumba la feteleza lonyowa, ndipo chinkakhala pakona m'chipinda chochezera. Mayi ake a Esinati atamwalira, a Mwale anachiphimba ndi nsalu, gitala n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Ife achinyamata tinkangomva kwa akuluakulu kuti bambo amenewa akagwira nsambo, anthu ankasiya makasu m'munda. Ndiye tsiku limene ananena okha, popanda wowapempha, kuti pachinkhoswe cha mwana wawo wotsirizayu adzaimba, Esinati anathawira kuseri kwa nkhokwe kukalira.

Ine kumbali yanga ndinalibe chobweretsa. Abale anga onse anali agogo, ndi malume ena akutali amene tinachita kubwereka ngati khasu kuti adzakhale ankhoswe. A Mwale sankandida, koma sankanditchulanso dzina. Ndinali "anyamata inu". Anyamata inu mwadzuka bwanji, anyamata inu muyende bwino.

Chinkhoswe chinali Loweruka, mvula ili pafupi. Kumayambiriro kwa mlungu umenewo tinabwereka jenereta kwa mkulu wina woonetsa mavidiyo, kuti a Mwale ayese zida zawo. Anavundukula nsalu ija ndi manja awiri monga amachitira patebulo la mgonero. Anayatsa. Tinadikira. Kenako hmmmmmm uja anabwera, tsitsi langa n'kuimirira. A Mwale anapukuta zala pathalauza, nakhudza nsambo.

Chimene chinatuluka chinali bakha wodwala chimfine.

Anayesanso. Bakha yemweyo, ndiponso tsopano akuthetheka ngati chimanga chokazinga.

"Valavu," anatero a Mwale, osayang'ana munthu. "Limodzi mwa akuluakulu aja latopa."

Anali atangogwada kuti asuzumire kumbuyo kwa chibokosicho pamene kunja kunamveka mfuu yakuti lole ya feteleza yafika kudepoti. Amene munaliko zaka zija za makuponi mukudziwa mphamvu ya mawu amenewa. Munthu ankatha kusiya mwana ali wosamba theka. Kuponi ukhoza kukhala nayo, koma feteleza akatha iwe usanafike pawindo, kuponiyo inkasanduka pepala wamba. A Mwale anazimitsa, nasolola kuponi yawo m'Baibulo, nakwera njinga.

"Ndidzaiona ndikabwera," anatero ali kale pachishalo. "Pasapezeke woigwira."

Kudepoti anthu ankagona pamzere, ndiye tinkadziwa kuti sabwera msanga. Esinati anaima pakhomo akuyang'ana fumbi la njinga, kenako anayang'ana ine.

"Akapanda kuimba Loweruka, nsalu ija ibwereranso pamenepaja, ndipo sadzaichotsanso," anatero. "Koma inu paja amati ndinu ainjiniya?"

Ankangonditonza. Ine ndikudziwa tsopano kuti ankangonditonza. Koma nthawi imeneyo ndinaona chithunzi m'mutu mwanga: a Mwale akutsika njinga ali wotopa, akuyatsa ampulifaya, ikulira ngati kale, iwo akufunsa kuti wakonza ndani, ine n'kungoyang'ana pansi mwaulemu. (Mwina mpaka kunditchula dzina.)

M'mawa mwake, Esinati atanyamuka kukapereka chakudya kwa bambo ake kumzere kuja, ndinalowa m'nyumba muja, ndinaliza jenereta, ndinayatsa, n'kugwada pamene anagwada a Mwale.

Ndinali ndisanaonepo chinthu chotero. Ndinkayembekezera mawaya ndi dzimbiri monga m'wailesi. Koma m'menemo munali timabotolo tagalasi, toimirira mwadongosolo ngati kwaya. Ting'onoting'ono tinali titavala tizisoti tachitsulo. Pambali pake panali awiri akuluakulu, opanda zisoti, ndipo m'kati mwa lililonse munali kanyumba kosanja, ka makoma otuwa, ka tizipilala topyapyala ngati tsitsi. Ndinakhala nthawi yaitali ndikungoyang'ana. Ndani anamanga kanyumba m'botolo, nanga analowera pati? Ndinayamba kupuma pang'onopang'ono kuopa kusokoneza okhalamo.

Ndikanangothera pa kuyang'anako, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma maso a wosankha fodya anali atayamba kale ntchito.

Mwa akuluakulu awiri aja, lina linali loyera pamutu, mbuu ngati ufa, looneka laukhondo. Linzake linali lakuda pamutu, bii, lonyezimira ngati galasi la nyali yofuka utsi. Babu likapsa limada, zimenezo ngakhale mwana amazidziwa. Ndinayandikitsa dzanja kuti nditsimikize. Loyera lija linali lozizira bwinobwino. Lakuda lija linali kutentha, ndipo m'kati mwake munkaoneka kamoto. Ndinagwedeza mutu ngati dokotala. Loyerali lili bwino, thupi lake n'lozizira. Lakudali ndilo lili ndi malungo, likupsa ndikuona.

Ndinazimitsa, n'kuligwira kuti ndizule.

Anzanga, mbatata yochokera paphulusa ili ndi chifundo. Ndinalizula ndithu, pakuti ululu unachedwa pang'ono kufika kumutu, koma utafika ndinaliponya, mwamwayi n'kugwera pathumba lopanda kanthu. Ndinavina m'chipinda cha apongozi gule amene alibe dzina, chala chili m'kamwa, osakuwa kuopa anansi. (Apa ndiye kufatsa kunandithandiza.)

Ululu utachepa ndinasuzumiranso, ndipo pansi pa chibokosicho ndinaona sokosi yakale yomangidwa mfundo. M'kati mwake munali valavu lina lalikulu. Mtima wanga unadumpha, koma nditaliyang'ana pamutu ndinapeza nalonso n'lakuda bii. Ndinaseka pang'ono. Akuluakulu satha kutaya zinthu, ndinatero mumtima, mpaka kusunga babu lopsa m'sokosi ngati ndalama.

Ndinayatsanso ndi loyera lokha lija, kuti ndimve mmene lathanzi likuimbira likakhala lopanda mnzake wolisokoneza. Ndinakhudza nsambo ya gitala. Zii. Ndinakhudza zonse pamodzi. Zii. Ngakhale bakha uja anali atafa.

Munthu wanzeru akanaima pamenepa. Ine ndinakumbuka wailesi ya aphunzitsi. Dzimbiri! Pamene ndinazula valavu paja panatsala timabowo tozungulira, ndipo ndinaganiza kuti matenda onse ali m'menemo. Ndinatuluka, ndinazimitsa jenereta yeniyeniyo, pakuti sindine chitsiru, n'kutenga sipoko ya njinga kuti nditokose.

Bowo loyamba silinanene kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lotsatira linandiyankha.

Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji. Zinali ngati ng'ombe yandiponda kuchokera m'kati mwa mkono. Nditazindikira ndinali nditakhala pansi kukhoma linalo, sipoko ili kudenga itabaya udzu, m'kamwa mukumveka kukoma kwa chitsulo, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa kanthawi ndinaonana ndi agogo anga aamuna amene anamwalira ine ndisanabadwe. Jenereta inali chete panja. Ndinachiyang'ana chibokosi chija, icho chili phee pakona pake, ndipo ndinachiopa monga sindinaopepo chinthu china. Chinali chitasunga mphenzi m'mimba mwake, n'kumandidikira.

Ndinachiphimba ndi nsalu yake mwaulemu wonse, ndinaika mavalavu akuda aja m'thumba la malaya, n'kuuyatsa ulendo wa kumsika kukafuna atsopano. M'sitolo ya zitsulo ndinalankhula mawu amene ndinamva kwa a Mwale.

"Ndikufuna valavu."

Mwini sitolo anandiikira patebulo valavu la njinga.

"Ayi, lagalasi."

"Lagalasi? Njinga yanu ndi ya ku Joni?"

Ndinatulutsa limodzi n'kumuonetsa. Analitembenuza, naliyang'anitsa kudzuwa, naitana mnzake wosoka nsapato kuti adzaone nawo.

"Achimwene, izi zinapita ndi azungu a m'maesiteti. Kuno simungazipeze. Mwina ku Lilongwe, mwina kumanda. Babu wamba ndili nalo, mutenge?"

Ndinabwerera kwathu. Pofika kuseri kwa nyumba ya agogo, mkwiyo unandigwira, ndinatulutsa zinyalala ziwiri zija n'kuziponya padzala, paphulusa. Agogo anandifunsa za chala chomangidwa kansanza, ndinati minga. Anandiyang'ana kumutu, nafunsa ngati mingayo imaimitsanso tsitsi.

Kutacha ndinamva kuti a Mwale abwera. Ndinapita kuti ndikaulule, ndikukonza mawu njira yonse. Ndinawapeza pakhonde, maso ali ofiira ndi tulo, thumba limodzi la feteleza litatsamira khoma pambali pawo ngati mlendo wolemekezeka. Ndinakhala pansi chapatali, ndinaomba m'manja, tinapatsana moni. Anandifotokozera za mzere, za anthu odumpha anzawo, za mayi wina amene anaika mwala pamalo pake n'kuupatsa dzina. Ine ndinkangoti eee, eee. Ndinatsegula pakamwa kangapo, n'kutulukamo funso la mvula.

Ndipo ndinaona agogo akubwera.

Anali atavala zachigwirizano, bulauzi yoyera ndi duku loyera, ngakhale silinali tsiku la mapemphero. Ankayenda mofulumira, milomo ikung'ung'udza nyimbo ya mpingo, dzanja litatambasuka kutali ndi thupi, ndipo kudzanjako kunkalendewera chitini chovindikira ndi mbale. Anachiika pakati pa bwalo, nabwerera m'mbuyo, ndiye n'kukhala pansi.

"Asewere, musadabwe kuti ndabwera popanda mthenga. Adani alowa pakhomo panga."

"Kwagwanji, mayi?"

"Nsupa. Ziwiri. Ndazipeza padzala m'mawa uno ndikukataya phulusa." Anatsitsa mawu. "Si nsupa zathu zino za zikho ayi. Izi n'zagalasi, zamiyendo ngati nkhanu, mitu yakuda. M'kati muli tinyumba tosanja. Asewere, muli anthu m'menemo."

Ine ndinayang'ana nyerere imene inkadutsa pafupi ndi phazi langa, ndikuisirira.

"Pali wina sakufuna kuti mdzukulu wangayu akwatire," anapitiriza agogo. "Dzina sinditchula, ndine mkhristu, koma mbuzi zake zimadya chimanga changa chaka chilichonse. Mwanayu dzulo wabwera tsitsi lili njoo, chala chotupa, osadya. Zayamba kale kugwira ntchito. Ndinazitola ndi timitengo, ndazithira mchere. Ndinatenga munsi kuti ndiziphwanye."

Mtima wanga unaima.

"Koma ndinati, ndikaphwanya, okhalamowo atulukira pakhomo panga. Ndiye ndabwera nazo kwa inu a mpingo. Mupemphere, tizitenthe."

A Mwale anadzuka pang'onopang'ono, napita pachitini paja, nachotsa mbale. Agogo anatseka maso n'kukweza nyimbo. A Mwale anayang'ana m'chitini nthawi yaitali. Kenako anayang'ana khomo la nyumba yawo. Kenako anayang'ana kansanza ka pachala changa.

"Anyamata inu," anatero mofatsa, "chalacho chatani?"

Tsiku limenelo ndinalankhula mawu ambiri kuposa amene ndinalankhula chaka chonsecho. Ndinanena za malungo, za sokosi, za sipoko, za valavu la njinga. Agogo anali atatsegula maso.

"Ndiye kuti mfitiyo ndakhala ndikuiphikira ndekha zaka zonsezi?" anatero.

A Mwale sanaseke, sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anatola mavalavu aja limodzilimodzi, mmene munthu amatolera anapiye, nauzira mchere ndi phulusa.

"Padziko lino ndilibe ena," anatero. "Ngati afa m'kati, Loweruka muvinira m'manja. Tiyeni m'nyumba. Nanunso asewere, bwerani mudzaone adani anu."

Anakhala pampando n'kuyamba kupukuta timiyendo tija ndi kansalu, kamodzikamodzi, osathamanga. Kenako anazula loyera lija, limene ine ndinalisiya likulamulira lokha, naliika pafupi ndi akuda aja.

"Mwati mumasankha fodya. Sankhani apa."

Ndinaloza loyera, koma chala chinali chitataya chikhulupiriro.

"Limeneli ndiye maliro," anatero. "M'botolo umu simufunika mpweya ngakhale pang'ono. Chakuda mukuchiona pamutupa si mwaye, anachipaka dala opanga kuti chizimeza kampweya kalikonse kotsalira. Chikakhala chakuda chonyezimira chonchi, ndiye kuti botolo n'lotseka, lili moyo. Likang'aluka penapake, mpweya n'kulowa, chimayera. Taonani mng'alu wake uwu, m'munsimu. Lamera imvi, lapita."

"Ndiye ife a imvi tinafa?" anafunsa agogo.

"Ife tikadalirako pang'ono, asewere."

"Nanga kutentha kuja?" ndinafunsa ine ndi mawu aang'ono.

"Munthu wamoyo amatentha. Wozizira mumamudziwa kumene amapita." Anandiyang'ana pachala. "Ndipo chibokosi ichi chikazimitsidwa sichigona nthawi yomweyo. Chimasunga moto m'mimba, wokwana kupha ng'ombe. Inu chinangokupatsani moni. Mudzathokoze Lamulungu."

Anafotokoza kuti akuluakulu awiriwo amagwira ntchito ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: wina akatsitsa munsi, mnzake akukweza. Mmodzi akagwa, wotsalayo amasinjabe, koma mphale yake ndi ija tinaimva, ya bakha. Ndiye valavu lakuda lija, limene ine ndinalipeza ndi mlandu, linali likusinja lokha mokhulupirika mnzake atafa, ndipo malipiro ake ndinalitaya padzala.

"La m'sokosili silinagwirepo ntchito," anatero. "Wina ntchembere, wina namwali. Kaya agwirizana."

Anaona kamphuno kamene kali pakati pa timiyendo, nakalunjikitsa pamalo pake, nakankha pang'onopang'ono mpaka valavu linakhala. Linzake chimodzimodzi. Ananditumiza kukaliza jenereta, ndipo nditabwera anandiuza kuti nditseke windo ndi thumba, nditsekenso chitseko. M'chipinda munada ngakhale kunja dzuwa linali pamutu. Tinagwada atatu kumbuyo kwa chibokosi, agogo ali kumbuyo kwenikweni, atagwira malaya anga.

"Muyang'anitsitse," anatero a Mwale. "Kamoto kakang'ono pakati, ngati khala la fodya, n'koyenera. Koma mukaona makoma a kanyumbako akufiira ngati paipi ya m'balani yowotchera fodya, munene msanga, tizimitse. Maso ndiye muli nawo, anyamata inu. Chimene mulibe n'kufunsa."

Thapu. Anayatsa.

Poyamba panalibe kanthu. Ndinkamva mtima wanga ndi jenereta basi. Kenako, m'kati mwa kanyumba ka ntchembere ija, munaoneka kadontho kofiira, kofooka, kamene kanakula pang'onopang'ono ngati wina akuuzira. Tinayang'ana kwa namwali. Mdima. Ndinayamba kupemphera pemphero lopanda mawu. Ndipo nakonso kanayamba, kochedwa, kamanyazi, mpaka tinyumba tiwiri tija tinayaka mofanana, ngati mudzi wakutali umene anthu ake abwera kumunda n'kusonkha moto.

"Mayo ine," ananong'ona agogo. "Adzuka."

Hmmmmmm.

A Mwale anatenga pensulo, nagogoda valavu lililonse pang'ono, khutu lili kusipika. Anati lodwala likagogodedwa limalira ngati belu kapena kuthetheka. Anagogoda loyamba. Chete. Lachiwiri. Chete. Anadikirabe, nandifunsa za makoma. Ndinayang'ana monga sindinayang'anepo tsamba lililonse la fodya.

"Ali otuwa," ndinatero. "Onse awiri."

Ndiye anatenga gitala.

Ndakhala ndikumva nyimbo pawailesi moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa kuti liwu likhoza kukhala ndi thupi. Nsambo yoyamba inalowa pansi, inadutsa m'mawondo anga, n'kukaima m'chifuwa. Linali liwu lonenepa, lofunda, lokhala ngati uchi ukutsika m'chipande, ndipo silinkafuna kutha: a Mwale anali atachotsa kale chala, ilo likuyendabe m'chipindamo. Fumbi linayoyoka kudenga. Sipoko yanga ija inagwa pansi, ngwee, koma panalibe woiyang'ana. Bambo woyenda ngati wasenza mazira uja anali atatseka maso, phewa likugwedezeka, zala zikuthamanga ngati za mnyamata, ndipo tinyumba tija tinkaphethira pang'ono akamenya mwamphamvu, ngati tikupuma naye pamodzi.

Chitseko chinatseguka. Anali Esinati, ndowa ili pamutu. Anaima pomwepo, madzi akumutsikira kumaso ndi m'khosi, osadziwa kuti ndowa yapendekeka. Pambuyo pake anandiuza kuti nyimboyo ndi imene mayi ake ankaikonda akamapeta. Kumbuyo kwake kunali kutadzaza kale ana, ndi amayi ena mitanda ya nkhuni ili kumutu.

Agogo anapirira ndime imodzi. Kenako anamanga bwino chitenje pamwamba pa zachigwirizano zija n'kulowa pakati.

"Asewere," anakuwa akuvina, "nsupa zimenezi n'za Mulungu! Musatenthe!"

Loweruka a Mwale anaimba, ndipo anthu anachokera kutali, ena osaitanidwa, ena ochokera kudepoti matumba ali panjinga. Nkhani ya nsupa inali itafika kale paliponse, pakuti agogo anaifalitsa okha, akuiwonjezera mchere. Mayi wa mbuzi uja anabwera nayenso, agogo n'kumupatsa mpando wabwino popanda kumuuza chifukwa. Ndimati dzina la uinjiniya lifera pomwepo, koma linangokula. Mpaka lero anthu amandibweretsera mawailesi, mafoni, tsiku lina mpaka makina osokera. Ndinaphunzira kuti si chakuda chilichonse chimene chili chopsa. Kukana ndiye sindinaphunzirebe.

Chakumadzulo kwa tsikulo, oimba atapumira kuti jenereta aithire mafuta, ndinali nditakhala pampando wanga wa chinkhoswe, jekete yobwereka ikundiwotcha, pamene ndinaona a Mwale akubwera kudutsa pakati pa anthu. Ndinafuna kutsika pampando kuti ndikhale pansi, koma anandiletsa ndi dzanja. Anatulutsa sokosi ija m'thumba, yomangidwa mfundo monga kale, naiika m'manja mwanga. Ndinamasula. Munali valavu loyera lija, mbuu, laukhondo.

"Giredi yoyamba," anatero. "Mwasankha nokha. Mukafuna kukonza kanthu pakhomo panga, muzikonza limeneli, akamwini."

Pokweza maso, iwo anali atatembenuka kale, akubwerera kugitala yawo pang'onopang'ono, ngati wasenza mazira.